Mvuu Imene Inatukwana Ba Harriet

1

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu. M'chaka cha 1993 ndinaphunzitsa mvuu kutukwana, ndipo woyamba kutukwanidwa pagulu anali mkulu wanga amene anandilera. Mvuuyo inalibe thupi, unali mutu wokhawokha, koma pakamwa pake panakwanira kusokoneza moyo wa anthu atatu.

Ndabwerera kuno ku Livingstone mwezi watha, patatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Nthawi yonseyo ndinali kudziko lozizira, kokonza makina olongedza mabisiketi. Inde, mtsikana amene aphunzitsi ankati adzamanga milatho anathera pa mabisiketi. Tauni ndaipeza itadzola mafuta achilendo. Mumsewu wa Mosi-oa-Tunya, pomwe panali kasitolo kobwereketsa mabuku achikondi, lero pali mafoni okhaokha, ndipo wa takisi anandifunsa m'Chingelezi ngati ndinawaonapo mathithi. Ine, wobadwira ku Libuyu, amene ndinakula ndi mkokomo wa madziwo m'makutu!

M'chikwama changa ndinabwera ndi kabokosi ka machesi. Munalibe machesi. Chimene chinalimo ndikuuzani, koma pirirani kaye. Mwini wakene ndinapirira nthawi yaitali kuposa inu.

2

Dzina langa ndine Choolwe, Mtonga. Pa koleji yathu ya zamagetsi ndi makina, imene dzina lake ndilisunge pamtima, mtsikana ndinalipo ndekha pakati pa amuna khumi ndi asanu ndi anayi. Chaka chomaliza tinkayenera kupanga makina oyenda okha, awiriawiri. Wogawa anali mphunzitsi wathu, Ba Akapelwa, munthu wovala tayi ngakhale m'dzuwa la Okutobala.

"Choolwe, iwe uzagwira na Inyambo."

"Ba Ticha, uja Mulozi? Azadya mawaya yonse, azaganiza ati ni tunsomba."

Inyambo, mnyamata wamtali wa ku Senanga, wa mawu ngati ng'oma, sanatembenuke n'komwe. "Nipatseni chabe, Ba Ticha. Ni mukazi wanga uyu. Ninamupeza ku khola, anali kufunsa ng'ombe mayankho ya mayeso."

Kalasi yonse inafa nalo phwete.

Kwa inu akutali ndifotokoze. Kwathu kuno Mtonga ndi Mlozi ndi pachimbuya, kapena kuti chisuweni cha mitundu. Mlozi akhoza kukunena mano, mphuno, makolo ako ndi ng'ombe zako zomwe, iwe n'kubweza, ndipo amene wakwiya ndiye wolakwa. Mwamuna amaitana mkazi aliyense wa mtundu winawo kuti "mukazi wanga", ngakhale pamaliro, ndipo palibe amaziika kumtima. Ba Akapelwa anadalira zimenezo.

"Nikamuika na wina aliyense," anatero, "pazabadwa mwana m'malo mwa makina. Koma aba bazangotukwanana mpaka Disemba."

Anali katswiri wa magetsi bamboyo. Za mtima ankadziwa zochepa.

3

Anzathu anasankha zinthu zaulemu: wina geti lodzitsegukira, wina belu logwira akuba. Ife tinasankha mutu wa mvuu wolankhula. Masiku amenewo alendo onse ankathera tsidya la Zimbabwe, kwathu kuno mafakitale akutsekedwa limodzilimodzi, ndiye tinati mwina mvuu yopereka moni ingawakokere kuno. Umo ndi mmene tinalembera papepala. Zoona zake n'zakuti tinkafuna kuona chinthu cha pakamwa papakulu kuposa pathu.

Mafupa ake tinawotcherera ndi zitsulo za bedi lakale. Nsagwada inkayendetsedwa ndi mota ya waipa imene tinaizula pa galimoto yakufa ku Maramba. Zikope tinkazikoka ndi makebulo a buleki ya njinga, maso anali mababu awiri opsa, khungu linali la masaka ndi machubu a thirakitala. Mano anatisemera mkulu wina wa ziboliboli, amene anatifunsa kawiri ngati kwathu akudziwa zimene tikuchita.

Nzeru yeniyeni inali yanga, ndipo ndidzinenere ndekha poti palibe wina adzandinenere. Ndinalumikiza wailesi ya kaseti ndi mota mwa njira yakuti mawu akakwera, magetsi azidutsa, nsagwada n'kutseguka. Mawu akatsika, nsagwada n'kutseka. Mvuu inkangofuna kaseti ndi batire ya galimoto basi. Chilichonse chojambulidwa pa kasetiyo inkachitafuna ngati chochokera m'mutu mwake.

Dzina anaipatsa Inyambo. Anaizungulira kawiri, manja kumbuyo ngati dokotala.

"Kamwa ikulu, makutu yang'ono, mukati mulibe kanthu. Uyu ni Mutonga. Ni Ba Maambo."

"Iyangane bwino," ndinatero. "Ikhala mu madzi siku yonse koma siyera. Ni ya kwanu."

Poyesa nsagwada pankafunika mawu amphamvu, ndipo a Inyambo ndiwo ankaitsegula bwino. Kaseti yoyesera anaidzaza ndi ine ndekha: theka la ola la chipongwe, kuyambira mapazi anga, kaphikidwe kanga, mpaka mpata wa mano anga. Tinkaiika tsiku ndi tsiku, mvuu ikunditukwana, ine ndili m'kamwa mwake ndi sipanala.

Tsiku lina nsagwada inatseka mutu wanga uli mkati. Inyambo anazula waya wa batire, anaikanula ndi manja, nandikoka, n'kuyamba kufufuza m'tsitsi mwanga ngati muli bala. Zala zake zinkanjenjemera.

"Wapwetekeka?"

"Awe."

"Nizakukwatira iwe, Choolwe. Wamvera?"

"Ukakwatire ng'ona ya kwanu," ndinayankha. "Muzamverana pa nsomba."

Anaseka, inenso ndinaseka. Mawu amenewo ankawanena kasanu pa tsiku chiyambire Febuluwale. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikulakalaka akanakhala Mbemba, kaya Mngoni, kaya mtundu wina uliwonse umene mawu ake kwa Mtonga amawerengedwa.

4

Wailesi ya kaseti ya pakoleji inkatafuna matepi kuposa mvuu yomwe, ndiye ndinapempha ya Ba Harriet.

Ba Harriet ndi mkulu wanga, wondiposa zaka khumi. Makolo athu atamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, iwo ndiwo anasanduka mayi ndi bambo. Ankagwira ntchito kubanki, ankaimba kwaya, ndipo anali okongola mwa mtundu uja wochititsa amuna kukonza kolala. Anali asanakwatiwe. Ankati nthawi yofunsiridwa anaithera pochapa mayunifomu anga.

Wailesiyo anaibweretsa okha ku wekishopu Loweruka lina masana, pamodzi ndi mbale ya mbatata yophika. Ine ndinadikira kuti Inyambo ayambe, poti Mtonga watsopano kwa iye anali ngati nyama yogwera yokha m'mbale. Koma munthu uja anavula kapusi. Anatsika mpaka bondo kugunda simenti, naomba m'manja mwa kwawo, maso ali pansi.

"Mwabwera, Ba Harriet."

"Ndiwe Inyambo? Namvera mbiri yako. Bwera, tidye."

"Awe, zikomo, nadya kudala."

Wabodza! Chiyambire m'mawa m'mimba mwake munkalira kuposa mota ya waipa. Anatuluka, nakaima padzuwa mpaka Ba Harriet atapita.

Zinachitikanso kachiwiri, kachitatu. Akakumana nawo mumsewu ankapatuka n'kuwasiyira njira yonse ngati kukubwera lole. Tsono ine ndinali nditawerenga mabuku achikondi oposa mazana awiri a m'kasitolo kaja, ndipo onse ankagwirizana pa mfundo imodzi: mwamuna wolongolola akasowa mawu pamaso pa mkazi, ameneyo wagwidwa. Ndinadziona wanzeru kwambiri pozindikira zimenezi. Nthabwala zinali zanga. Bondo linali la Ba Harriet.

Choipa china, Ba Harriet nawo anayamba kumwetulira okha.

"Uja munyamata ali na nzeru," anatero tsiku lina akusita. "Aziba mokhalira na banthu."

"Ni Mulozi chabe, Ba Sisi."

"Nanga Mulozi si mwamuna? Afika liti pano?"

"Kuzachita chani?"

"Iye aziba."

Ndinati ee, kumtima ndikuwotcha diresi limene ankasitalo.

5

Kutatsala masiku atatu kuti tionetse ntchito yathu, Inyambo anabwera ndi makaseti awiri atsopano. Pa ina analemba kuti ALENDO, pa inayo BA HARRIET.

"Iyi ni ya moni na mbiri ya Zambezi. Iyi inangu, banthu bakapita, ubauze Ba Harriet batsale pang'ono. Iwe usamvere."

"Chifukwa?"

"Makutu ya Mutonga ni yang'ono, yazang'ambika."

Anapita ku Maramba kukafuna penti ya m'kamwa mwa mvuu. Ndinamupatsa ulemu wa mphindi ziwiri, kenako ndinaika kaseti yoletsedwayo.

"Ba Harriet," anatero Ba Maambo ndi mawu a Inyambo, ofatsa mwakuti nsagwada inkangosuntha pang'ono, "nili na mantha kukamba na imwe maso na maso, ndiye natuma mvuu. Kuchokera siku ija munabwera ku wekishopu, naona kuti iyi nkhani siningaisunge futi. Mutima wanga uli mu nyumba mwanu..."

Ndinadina batani loimitsa mwamphamvu moti chikhadabo chinathyoka. Zotsalazo ndinkazidziwa kale. Si ndinali nditawerenga mabuku?

Chimene ndinachita kenako chinali ntchito yaukhondo kuposa zonse zimene ndinagwirapo pakoleji paja. Ndinkafuna kudziwa pothera uthengawo popanda kuumva, ndiye ndinachotsa waya wa sipika n'kudinanso batani. Mvuu inatafuna mwakachetechete, ikundiyang'ana ndi mababu ake opsawo, kwa theka la mphindi, kenako inatseka pakamwa. Ndinamasula kaseti. Ndi lezala ndinadula tepi pamene panathera mawu akuti "mwanu", ndinadulanso pamene mvuu inatsekera pakamwa. Chidutswacho chinali ngati mikono itatu. M'malo mwake ndinalumikizapo chidutswa cha m'kaseti yoyesera ija, chosankhidwa bwino, ndi kaselotepi kopyapyala.

Chodulacho sindinachitaye. Ndinachikulunga pa kamtengo ka machesi n'kuchiika m'kabokosi. Musandifunse chifukwa. Mwina chigawenga chilichonse chimafuna kachikumbutso.

Inyambo atabwera ndi penti anandipeza ndikuimba nyimbo ya kwaya.

"Mutonga akaimba, mvula ili pafupi," anatero.

"Pafupi maningi," ndinayankha.

6

Tsiku lachionetsero holo inadzaza: makolo, aphunzitsi, eni masitolo a m'tauni. Ba Harriet anabwera ndi abwana awo a kubanki ndi amayi anayi a kwaya, nakhala kutsogolo atavala diresi lija.

Geti lodzitsegukira linakana kutseguka. Belu logwira akuba linalira abusa ali mkati mwa pemphero. Ndiye itafika nthawi yathu tinavundukula nsalu, Ba Maambo anaphethira kawiri, nayasamula, n'kunena momveka kuti: "Mwalandiridwa ku Livingstone." Amayi ena anathamangira kukhomo. Wina anakuwa kuti ndi ufiti, Ba Akapelwa n'kuimirira kufotokoza kuti ndi sayansi, koma palibe anawamva chifukwa cha m'manja.

"Ikambe futi! Ikambe futi!"

Inyambo anatambasula dzanja kuti abweze kaseti poyambira. Ine ndinamutsogolera. Ndinatulutsa ya ALENDO, ndinalowetsa inayo, ndinadina.

"Choolwe, osati iyo!"

Anachedwa.

"Ba Harriet," mvuu inayamba. Ba Harriet anawongola msana, manja pamiyendo, ngati munthu amene wakhala akuyembekezera mlendo. Amayi a kwaya anagundana zigongono. "...nili na mantha kukamba na imwe maso na maso, ndiye natuma mvuu... Mutima wanga uli mu nyumba mwanu..."

Panamveka kaphokoso kakang'ono polumikiza panga paja. Kenako nsagwada inatseguka mpaka kumapeto.

"Iwe! Iwe Mutonga! Mpata wa mano monga geti ya khola, ukaseka ng'ombe zingena! Nindani angakwatire mu nyumba mwanu? Olo munipatse ng'ombe teni na ngolo yake, ine awe!"

Ndiyenera kunena kuti mpata wa mano ndi wa kubanja kwathu, ndipo wa Ba Harriet umaposa wanga.

Holo inagwa ndi kuseka. Alozi ankagubuduka, Atonga akulumbira kuti chaka chamawa adzapanga ng'ona yolankhula, abwana a kubanki akupukuta misozi ndi tayi. Onse anati chinali chimbuya chokonzedwa dala, chabwino kuposa zonse m'chakacho, ndipo chikho tinatenga ndife.

Anthu atatu okha sitinaseke. Ba Harriet anali atatukwanidwapo ndi Alozi kambirimbiri, iwo n'kubweza bwino lomwe. Koma uyu anali atawagwadira. Anaimirira pang'onopang'ono, nafika pamene panali Inyambo, nalankhula motsitsa.

"So unali kusewera chabe. Usakaponde pa geti yanga."

Ba Harriet atatuluka, Inyambo sanafunse kuti wadula tepi ndani. Mu Livingstone monse munali munthu mmodzi yekha wolumikiza mwaukhondo chotero.

"Unamvera yonse?" anandifunsa.

"Yonse," ndinanama.

"Na iyi ndiye yankho yako?"

Ine ndinayesa akufunsa ngati ndikuvomereza kuti akhale mlamu wanga. "Ee," ndinatero, chibwano m'mwamba. "Ndiye yankho yanga."

Anagwedeza mutu kangapo ngati munthu wowerenga mita.

"Zikomo, Ba Choolwe."

Aka kanali koyamba kunditchula kuti "Ba".

7

Ndinapambana, si choncho? Inyambo sanawakwatire Ba Harriet. Koma kuyambira tsiku limenelo Inyambo sananditukwanenso. Ankandipatsa moni ngati mkazi wa abusa. Ndinayesa kumuputa, ndinanena mphuno yake, nsapato zake, mabwato a kwawo; iye ankangoti, "Ni zoona, Ba Choolwe." Kunyumba nako dzina lake linaletsedwa. Ndikati ndilitchule, Ba Harriet ankandisisita pamutu n'kunena kuti, "Osadandaula, mwana wanga, bamuna ni bambiri," ine n'kumadabwa kuti wosweka mtima akutonthoza bwanji wolakwa.

Mvuu yomweyo ndiyo inandipezera mwayi wa maphunziro kunja. Ndinapita, ndipo manyazi anandigwira mwendo kuti ndisabwerere. Kumeneko ndinakwatiwa ndi munthu wabwino, waulemu, amene sananditukwanepo ngakhale kamodzi. Tinakhala mwaulemu zaka zisanu ndi zinayi, tinasiyananso mwaulemu. Kabokosi kaja kanasamuka nane nyumba zisanu ndi ziwiri. Kangapo ndinakatsegula, koma ndani amafuna kumva mwamuna amene anamukonda akufunsira mkulu wake?

8

Ba Harriet ndawapeza ku Libuyu komweko, tsitsi lili mbuu, atapuma pantchito, atakwatiwa ndi Ba Webster, bambo wofatsa woweta nkhuku. Patatha sabata ndinalimba mtima. Tinali pakhonde m'mawa, tikusenda mtedza, ndipo ndinaulula zonse: lezala, selotepi, nsanje.

Anasiya kusenda.

"Nsanje ya chani?"

"Anali kukufunani imwe, Ba Sisi."

Anandiyang'ana monga ankachitira ndikabwera ndi yunifomu yong'ambika.

"Unamvera yonse ija kaseti?"

"Awe. Chidutswa nili nacho mu chola."

"Zaka twente-sikisi." Anakutumula makoko pachitenje. "Vala nsapato."

Inyambo ali ndi wekishopu ku Maramba, kuseri kwa msika, yokonza mafiriji ndi mawailesi. Wanenepa, dazi lafika pakati pa mutu. Pansi pa denga, pamwamba pa mafiriji akufa, panapachikidwa Ba Maambo: khungu losendeka, diso limodzi, mavu atamanga m'mphuno. Pakhomo panakhala mkazi wake, Namasiku, mayi wa maso akuthwa, akuluka.

Inyambo ataona Ba Harriet anafuna kugwada, bondo linakana. Kwa ine anangoti, "Mwabwera, Ba Choolwe."

Ndinaika kabokosi patebulo n'kunena kuti ndinanama, kuti ndinamva chiyambi chokha. Inyambo anakatenga kaseti yakale, lezala ndi selotepi, nazikankhira kwa ine.

"Lumikizani mweka. Imwe ndimwe bakatswiri."

Ndinalumikiza. Iye anatsitsa mvuu, anathira mafuta m'nsagwada, anamangirira batire. Mavu anatuluka mokwiya. Ndinadina batani, ndipo m'kamwa mwa chinthu chokalambacho munatuluka mawu a mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi.

"...uli pa mung'ono wanu Choolwe. Nikamuuza amaseka, ati ni chimbuya. Imwe ndimwe bamai bake, ndiye siningakambe na imwe monga munzanga, siningadye pamaso panu. Bamalume bazabwera kuchoka ku Senanga madzi yakachepa. Nipempha chabe musakabapitikitse. Ni mwana wovuta, niziba. Koma nimufuna, na mpata wake wa mano."

Nsagwada inatseka. Kunja wina ankaitanira tomato.

"Ine ninaziba siku ija anakana mbatata," anatero Ba Harriet. "Mwamuna wa njala akakana kudya pamaso pako, akupatukira mu njira, uyo ni mukamwini. Mwana aliyense wa mu komboni aziba. Manje munthu anigwadira monga mpongozi, mailo akuwa pa gulu ati nindani angakwatire mu nyumba mwanu. Nikanachita bwanji? Ninaona ati asewera na mwana wanga." Anatembenukira kwa ine. "Mabuku yako yaja yanakamba chani?"

Anandiyankhira Namasiku, amene nayenso ndi Mlozi ndipo anali ndi ufulu wonse.

"Batonga! Kupatsa Mutonga mwamuna wabwino ni monga kuvalika ng'ombe wotchi. Koma zikomo, mbuya wanga. Nili na bana faivi chifukwa cha lezala yako."

Ba Harriet anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatembenuza mpando wawo kuloza kwa mvuu, anakonza chitenje, naomba m'manja katatu monga amachitira polandira nthumwi ya ukwati.

"Ba Maambo, mau yanu tamvera. Ni mau yabwino. Koma mwachedwa mu njira. Mwana uja munabwerera anakalamba."

Inyambo anali atatembenukira kukhoma, akufunafuna sipanala imene inali m'manja mwake.

9

Owerenga anzanga, musayembekezere kuti ndikulangizani kumvera kaseti mpaka kumapeto. Zimenezo mwaziona nokha, ndipo makaseti anatha kalekale. Chimene chimandiluma ine n'china. Ndinawerenga mabuku mazana awiri ofotokoza kukhala chete kwa amuna a kumaiko ena, koma ndinalephera kuwerenga bondo limodzi pa simenti ya m'tauni yanga. Munthu anandiuza zoona kasanu pa tsiku kwa miyezi khumi, ine n'kumamutumiza kwa ng'ona. Ngati muli ndi wina amene amakunenani tsiku lililonse osatopa, nthawi zina muzimuyang'ana zala.

Sindinabwere kudzalanda mwamuna wa mwini. Namasiku akhoza kundilasa ndi singano yake yolukira, ndipo angakhale akulondola. Ndinabwera kudzabweza mikono itatu ya tepi imene sinali yanga ndekha. Koma pochoka pa wekishopu paja mtima unali wolemera, chifukwa Inyambo anatsanzika Ba Harriet mwaulemu wonse, kwa ine osanena kanthu. Ndinati basi, chilango changa ndi cha moyo wonse: ndidzafa ndili "Ba Choolwe".

Tinali titafika pamsewu, pomwe amaima maminibasi, pamene mawu aja a ng'oma anaphulika kumbuyo kwathu, msika wonse n'kutembenuka.

"Iwe! Iwe Mutonga! Zaka zonse izi ku bazungu, mpata wa mano balephera kutseka?"

Ndinaima. Misozi inali itafika kale pachibwano, koma ndine mwana woleredwa bwino, ndipo ndikudziwa mwambo.

"Iwe Mulozi!" ndinakuwa. "Iyo mimba, unameza bwato?"